Kachimfine ka a Kapitawo

Chaka chimenecho mvula ya Febuluwale inagwa ngati yochita kutumidwa. Tiyi anaphukira mwaukali pa esiteti yonse, moti mzere umene wathyola lero, ukabweranso patapita masiku ochepa unkaupeza uli biriwiri ngati simunadutse munthu. Mabwana ankamwetulira. Othyola tiyi ankaweruka atanyowa mpaka m'kati, zala zitachita dzanzi.

Lestina anayamba kuthyola tiyi pa esiteti imeneyi ali mtsikana. Tsopano anali mayi wa ana anayi, akuwalera yekha, poti bambo awo anapita ku Joni n'kusiya ngakhale kuimba foni. Anthu ankamudziwa ndi zinthu ziwiri: manja achangu ndi pakamwa posabisa mawu. M'gulu lakelo munalinso mng'ono wake, Tamanda, amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, pakati poyamba atadikira zaka zambiri. Kapitawo wa gululo anali a Stafford, amuna ake a Tamanda yemweyo.

A Stafford sanali munthu wankhanza chibadwire. Anathyola tiyi zaka zambiri ngati wina aliyense, ndipo ukapitawo anali atangoupeza kumene. Koma chiupezereni, ankayenda ngati munthu wosenza mtsuko wobwereka. Bwana wa divishoni akangowakwezera mawu, iwo ankabwera kumunda n'kudzakweza awo kawiri.

Lolemba lina a Stafford anafika pantchito maso ali psuu, atakulunga thaulo m'khosi, mphuno ikuchucha. Masana mvula inakula, gulu lonse n'kuthamangira mu shedi ya sikelo, momwe amayezera masamba. Shediyo inali yaing'ono. Anthu anapanikizana, madengu ali kumiyendo, nthunzi ikutuluka m'zovala zonyowa. A Stafford anaima pakati penipeni akuitana mayina, ndipo akaitana angapo ankayetsemula mwamphamvu, osatembenuka, osatseka pakamwa.

Lestina anapukuta tsaya lake ndi nsonga ya chitenje.

"Alamu, mukutilavulira. Bwanji osakagona kunyumba? Mukudwalatu inu."

"Kudwala? Kachimfine aka?" A Stafford anaseka, anamina ndi zala n'kupukutira pa thalauza. "Chimfine si matenda, mlamu. Tikati tizigonera chimfine, tiyiyu athyola ndani? A Teleza, bweretsani dengu lanu!"

Tiyi wakumwa atabwera m'chidebe, anayamba ndi iwo kumwa, n'kupatsira kapuyo amene anali pafupi. Makapu anali ochepa monga mwa masiku onse, ndipo ankangoyenda kuchoka pakamwa pa uyu kupita pa uyo, osaona madzi.

Lachitatu a Stafford ankayenda mozandima, koma sanajombe. Pofika Lachinayi anthu anayamba kugwa.

Sichinali chimfine chija anthu anachizolowera, chomwe munthu amangomina n'kumapitiriza ntchito. Ichi chinkabwera mwadzidzidzi. Munthu wadzuka bwinobwino, koma dzuwa lisanafike pamutu thupi latentha ngati mbaula, mutu ukuwawa ngati ung'ambika, mafupa akuphwanya ngati wamenyedwa ndi mipini. Teleza, mayi wamphamvu amene ankathyola mzere woyandikana ndi wa Lestina, anapita ku kiliniki ya pa esiteti akuganiza kuti ndi malungo. Anamubaya chala, magazi n'kupezeka alibe malungo. "Ndi chimfine chabe," anatero adokotala a pa kilinikipo, n'kumupatsa panado. Ndipo poti dzina lake linali chimfine, kalata ya siki yoti akapume sanamupatse. Atalephera kudzuka m'mawa mwake, a Stafford anamulemba kuti wajomba.

Bwana wa divishoni atamva kuti anthu akuchepa kumunda, anabwera pa njinga yamoto, ndipo osazimitsa injini, ananena kuti matenda amenewa iwo akuwadziwa, dzina lake ndi ulesi. Kumalayini, kunyumba za antchito, ena ankanong'ona kuti mwina kolona wabweranso, koma anzawo ankawatontholetsa msanga. Dzina limenelo panalibe ankafuna kulimvanso.

Lestina ankakhala kumudzi, kumalire a esiteti, njira yopita ku Masambanjati, ndipo m'mawa uliwonse ankadzera kumalayini kuti atengane ndi mng'ono wake. Loweruka anamupeza atakhala pakhonde, akuyesa kumanga chipepala cha mvula m'chiuno, manja akukanika ndi kunjenjemera. Atamugwira pamphumi anachotsa dzanja msanga.

"Iwe, watenthatu ngati moto! Lowa ukagone."

A Stafford anatuluka akumanga mabatani a jekete. Iwo anali atayamba kupeza bwino, chifuwa chokha n'chimene chinatsala.

"Apita kuntchito amenewa," anatero.

"Alamu, mwamuona mmene alili? Munthu wapakati!"

"Ndawaona. Ndi chomwe chija ndinali nacho ine, ndipo sindinafe. Dzulo lomweli ndalemba a Teleza kuti ajomba. Lero ndisiye mkazi wanga m'nyumba, anthu anena chiyani? Ati kapitawo akukondera. Mawa zikhala zafika kwa bwana."

"Anene! Kodi anthuwo ndi amene asenza mwana wanu m'mimba?"

"Mlamu, pano ndi pakhomo panga."

"Ndipo uyu ndi m'bale wanga. Tinayamwa bere limodzi. Inu munachita kumupeza."

"Achemwali, chonde," anatero Tamanda ndi mawu osasa. "Anthu akumva. Ndipita. Ndikathyola pang'onopang'ono."

Lestina anafuna kumukoka n'kumulowetsa m'nyumba mwamphamvu. Koma Tamanda anali ataimirira kale, atagwira nsanamira ya khonde, ndipo maso ake ankapempha kuti nkhaniyo ithere pomwepo. Lestina anamulanda dengu, nasenza awiri.

Munda wa tsiku limenelo unali kutali, kutsidya kwa mtsinje, choncho anawakweza m'ngolo ya thirakitala n'kuwafundika tenti chifukwa cha mvula. M'katimo munali mdima ndi fungo la thukuta. Wina akatsokomola kutsogolo, wina ankayankha kumbuyo. Lestina anakhala atakumbatira mng'ono wake, akumva kutentha kwake kukudutsa zovala zonse.

Tamanda anathyola mpaka chakumasana. Kenaka Lestina atadzutsa mutu, sanamuonenso pamzere wake. Anamupeza atakhala pansi pakati pa tchire la tiyi, atatsamira dengu, kukamwa kuli yasa, akupuma mwaphuma ngati nkhuku yothamangitsidwa. Milomo yake inali itachita mbuu.

"Mpweya, achemwali," anatero. "Mpweya sukulowa."

Lestina anakuwa. Amayi anzake anasiya madengu, anamunyamula Tamanda n'kutuluka naye kumsewu wa m'munda. Pamenepo panali thirakitala ija, ngolo yake itadzaza matumba a masamba mpaka pamwamba, ikufuna kunyamuka. Dalaivala wake, a Jacob, anayang'ana wodwalayo, anayang'ana katundu, n'kukanda kumutu.

"Malo palibe, mayi. Ndipo masambawa akachedwa kufika ku fakitale apsa. Ndikatsitse kaye, ndibweranso."

A Stafford anafika akuthamanga kuchokera kumapeto kwa munda. Ataona mkazi wawo anaima chilili, pakamwa pali pululu. Kenaka anayamba kusakasaka foni m'matumba, ati aimbire bwana kuti apemphe galimoto.

Lestina sanadikire. Anakwera pangolo paja, anagwira thumba loyamba n'kuliponya m'matope. Lachiwiri linaphulika, masamba n'kumwazika mumsewu monse. Ankaponya ngati wagwidwa ndi mizimu, a Jacob akukuwa kuti awachotsetsa ntchito, mpaka panapezeka malo oti munthu n'kugona.

"Mukwezeni!" anauza amayi aja. Ndipo anatembenukira kwa dalaivala. "Inu a Jacob, mukapanda kuyendetsa, ndikutsitsani ngati matumbawa."

A Jacob anayendetsa.

Ku kiliniki sanachedwe nawo. Adokotala aja atangomuika chomvera pachifuwa, nkhope yawo inasintha, ndipo anaitanitsa ambulansi yopita ku chipatala cha mishoni ku Makwasa. Kumeneko anamuika pa mpweya wa makina, anamubaya madiripi, nati chibayo chalowa m'mapapo onse awiri. Lamulungu m'mawa matenda a uchembere anayamba, nthawi yake isanakwane. Mwanayo anali wamkazi. Sanalire.

Mwana wotero alibe maliro. Amayi akuluakulu okhaokha ndi amene anamutenga atamukulunga m'nsalu, n'kukamuika mwakachetechete, opanda nyimbo, opanda bokosi. Anamuuza Lestina kuti asalire mokweza, mwambo sulola. Iye anameza kulira kwakeko.

Masana a tsiku lomwelo anaimitsa namwino wa m'wodimo pakhonde. Anali mayi wachikulire, wovala magalasi, dzina lake a Nancy.

"Anesi, ndiuzeni zoona. Chimfine chimapha mwana m'mimba?"

A Nancy anamuyang'ana kaye, kenaka anamukhazika pabenchi.

"Vuto lathu, mayi, n'lakuti matenda awiri timawaitana dzina limodzi. Chilipo chimfine wamba, cha mphuno ndi kuyetsemula, chimene munthu amayenda nacho. Ndiye ilipo fuluwenza. Imeneyo imagwetsa munthu tsiku limodzi: kutentha thupi, kuphwanya, chifuwa chouma. Ambiri amachira okha akagona n'kumamwa madzi ambiri. Koma kwa mayi wapakati, nkhalamba, khanda, kapena munthu wa mphumu, imatha kutsikira m'mapapo n'kusanduka chibayo. Zizindikiro za m'bale wanuyu ndi zimenezo."

"Ndi mvulayi eti? Takhala tikunyowa mwezi wonse."

"Mvula sibala fuluwenza. Mvula imangokuunjikani pansi pa denga limodzi. Kachilombo kake kamachoka kwa munthu kupita kwa munthu. Wodwala akatsokomola kapena kuyetsemula, timalovu tosaoneka timauluka, inu n'kupuma. Akamina ndi dzanja n'kugwira chitseko kapena kapu, inu n'kugwira pomwepo, kenaka n'kudzigwira kumaso, mwatenga. Ndiye mukapanikizana malo opanda mphepo, munthu mmodzi amatha kudwalitsa gulu."

Lestina anaona shedi ya sikelo m'maso mwake. Anaona thaulo lija.

"Akanagona kunyumba dzulo lija, mwana akanakhala moyo?"

"Zimenezo sindingalumbire," anatero a Nancy mofatsa. "Koma munthu wapakati wotentha thupi chotero, malo ake sanali kumunda. Anafunika kubwera kuno m'mawa womwewo."

Lestina anapita kukhitchini ya odikirira odwala kuti akaphikire mng'ono wake phala. Ali mkati mosonkha moto, kunafika a Callista, amayi awo a Stafford, atachokera kwawo ku Khwethemule. Anakhala pa njerwa, anapereka moni wachisoni, kenaka anayamba kulankhula ndi amayi ena amene ankaphika pamenepo, koma mokweza kuti Lestina amve.

"Achipatala anena zawo, koma ife akuluakulu tikudziwa. Chifuwa chotere kwa munthu wapakati ndi tsempho. Pali wina anathira mchere m'ndiwo zake ali wotentha. Mwana wanga Stafford ndi munthu wa tchalitchi, sayendayenda. Koma pakhomo paja pamabwera anthu ena kudzaphika, anthu oti amuna awo anapita kalekale, sitidziwa amagona kuti."

Lestina anaika mthiko pansi bwinobwino, naimirira.

"Amayi, mukunena ine?"

"Ine sindinatchule dzina."

"Ndiye ine nditchula. Stafford. Mwana wanu Stafford ndi amene anabwera ndi matenda ku sikelo n'kumatiyetsemulira kumaso ngati ndife mbuzi zake. Mwana wanu ndi amene anatulutsa mkazi wake m'nyumba akunjenjemera, kuopa bwana. Mdzukulu wanu tamuika m'mawa uno opanda nyimbo, inu mwakwera minibasi ulendo wonsewu kudzafufuza amene ndimagona naye? Mchere! Mukafunse ku sikelo ngati a Teleza ndinawathirira mchere. Mukafunse gulu lonse lija ngati ndimaliphikira ine!"

"Mwanowo ndi umene unathawitsa mwamuna," anatero a Callista akudzuka.

"Anathawa, inde, koma sanandiphere mwana."

Amayi ena anachita kumugwira mikono. Phala lija linapserera, anachita kuphikanso lina.

Tamanda atayamba kupuma yekha popanda makina, Lestina anasiya msuweni wawo wina kuti amudikirire pachipatalapo n'kubwerera ku esiteti. Anafika nthawi ya sikelo. Gulu linali litachepa pafupifupi ndi theka, ndipo otsalawo ambiri ankatsokomola. A Stafford anali pamalo awo akuitana mayina, nkhope itagwa, ndevu zosameta. Pambali pawo panaima bwana wa divishoni.

"Ndi ameneyu anataya masamba?" anafunsa bwana.

"Ndine," anayankha Lestina asanafunsidwe iye. "Ndipo mawa atagwanso wina, ndidzatayanso."

"Ukudziwa kuti unawononga katundu wa kampani?"

"Masamba aphukanso, bwana, taonani mundawo. Inu munati matendawa ndi ulesi. Ulesi wake tauika m'manda Lamulungu." Anatembenukira kwa anzake. "Amayi inu, ichi si chimfine chomwe timachidziwa. Kuchipatala akuti ndi fuluwenza, ndipo tikupatsirana tokha muno mu shedi, m'ngolo, ndi m'makapu awa. Amene watentha thupi akagone. Amene ali ndi pakati athamangire kuchipatala, asadikire chilolezo cha munthu."

Anthu anayang'ana pansi. Wina anatsokomola, nabisa nkhope m'chitenje. Panalibe amene anayankha, poti bwana anali pomwepo, ndipo aliyense anali ndi ana kunyumba.

"Mlamu," anatero a Stafford ndi mawu otsika. "Anali mwana wanganso."

"Lero mwadziwa?"

"Ndikanadziwa bwanji kuti ndi matenda ena? Tonse timati chimfine. Adokotala omwe anati chimfine."

"Simunafunike kudziwa dzina lake, alamu. Munamuona akunjenjemera pakhonde panu. Munamuona akukanika kumanga chipepala. Maso munali nawo. Chimene munalibe ndi mtima woti n'kuuza bwana wanuyu kuti ayi."

Misozi ya a Stafford inatsikira m'ndevu zija, anthu onse akuona. Lestina anaiona, ndipo sinamufewetse ngakhale pang'ono. Anaganiza kuti iwo akulira poyera pa sikelo, pamene iye analetsedwa kulira kumanda.

Bwana anamuuza kuti akatule dengu ndi chipepala ku ofesi, ntchito yake yatha. Iye anavula chipepalacho pomwepo, nachiponya pa sikelo, muvi wake n'kugwedezeka pang'ono. Anatuluka mvula ikugwa. Teleza yekha, amene anali atangodzuka kumene pamphasa, ndi amene anamuperekeza mpaka pamsewu.

Patapita sabata, pakhomo la shedi ija anaikapo ndowa ya madzi osamba m'manja. Sopo anakhalapo masiku oyamba okha. Matendawo anayendayenda m'malayini mpaka mvula itayamba kuchepa, anatenga nkhalamba ina imene inkalondera ku fakitale, kenaka anazilala okha.

Tamanda atatuluka m'chipatala, Lestina sanalole kuti apite kumalayini. Anamutengera kwake kumudzi, namugoneka m'chipinda chake, iye n'kumagona ndi ana pabalaza. Ankamuphikira phala la nsinjiro, kumutenthetsera madzi, kumuchapira. Kuti pakhomo pasagone njala, anayamba kupikula mapeyala m'midzi n'kumakagulitsa m'mbali mwa msewu pa Masambanjati. A Stafford anabwera kangapo ndi shuga ndi sopo. Lestina ankawasiya ataima pabwalo, osawapatsa mpando, ndipo Tamanda ankatuluka yekha kukalankhula nawo pansi pa mtengo wa mango.

Ankhoswe anakhala pansi kawiri. Ulendo wachiwiriwo utatha, Tamanda anapeza mkulu wake akusankha mapeyala kuseri kwa nyumba, nakhala pambali pake.

"Achemwali, ndibwerera kwa amuna anga."

Lestina sanadzutse mutu.

"Ubwerere kwa munthu amene anakutulutsa m'nyumba uli moto?"

"Ndinatuluka ndi miyendo yanga. Inenso ndinkati ndi chimfine."

"Usamuchotsere mlandu!"

"Sindikuwachotsera. Akudziwa chimene anachita, sagona nacho tulo. Koma mwana uja tinamudikira awiri, achemwali. Amene angandimvetse ndikamulira ndi iwowo. Inu mumandikonda, koma mukamandiyang'ana mumangoona mkwiyo wanu. Ine ndatopa. Ndikufuna kulira kopanda kukalipa."

Mawu amenewo anamulasa Lestina kuposa a bwana, kuposa a Callista. Anafinya peyala limene linali m'manja mwake mpaka chala chinalowa.

"Pita," anatero. "Koma iwowo pakhomo pano asadzapondepo ine ndili moyo."

Loweruka lotsatira a Stafford anabwera ndi njinga ziwiri za kabaza, naima kumsewu, poti uthenga unali utawafika. Lestina anasenza chikwama cha mng'ono wake mpaka pamenepo. A Stafford anavula chipewa n'kupereka moni, natambasula manja kuti alandire katunduyo. Iye anawadutsa ngati chitsa, namangirira yekha chikwamacho pa kaliyala. Anakonza mpango wa Tamanda kumutu, namuuza kuti akamva kutentha thupi ngakhale pang'ono atumize uthenga, iye adzabwera ngakhale kukugwa matalala.

Njinga zija zitakhota, anabwerera kunyumba, anasenza beseni la mapeyala n'kupita kumsika. Kasitomala woyamba anali bambo wa pagalimoto yoyera, amene anatsitsa galasi n'kuyamba kudandaula kuti mapeyalawo ndi aang'ono, amuchotsereko mtengo.

"Ngati ndi aang'ono, kadzaleni anu," anatero Lestina.

Bamboyo anamuyang'ana modabwa, nakweza galasi, galimoto n'kupita. Mayi wogulitsa chinangwa pambali pake anapukusa mutu, nati ndi mtima umenewo malonda sayenda. Lestina anakhala pa chidebe chake, nayamba kupukuta mapeyala aja limodzilimodzi, akuyang'ana kumene kunalowera njinga.